Adakana kuimbira Hitler, kwawo adamulavulira kumaso

Pa Chezi, pomwe minibasi za pamsewu wa Lilongwe ndi Salima zimaima kuti anthu agule tomato ndi ndiwo zamasamba, pali mkulu wina amene ndakhala ndikuwaona kuyambira ndili mwana. Dzina lawo sinditchula. Adathawa m'dziko muno zinthu zitavuta m'zaka za m'ma 1960, adakhala ku Zambia zaka pafupifupi 30, ndipo adabwerako mu 1994 ndi sutikesi imodzi. Munda wa makolo awo adapeza akulima ena.

Lero lino, patapita zaka zoposa 30 chibwerereni matipate, anzawo a pabawo amawaitanabe kuti "achigawenga". Amati ndi macheza, ndipo eni akewo amaseka nawo. Koma ine ndaona kuti pamaliro sawapatsa mpata woyankhula, pamilandu ya m'mudzi maganizo awo amangodumphidwa, ndipo munthu akapsa nawo mtima, mawu oyamba kutuluka ndi akuti inu mudathawa, ife tidatsala.

Amalawi anzanga, funso limene mkuluyu wakhala nalo zaka zonsezi ndi ili: kodi wogulitsa dziko ndani, amene adachoka chifukwa chokana kuombera m'manja nkhanza, kapena amene adatsala nadyerera pa nkhanzazo? Kuti ndiyankhe, ndiloleni ndikutengereni kutali pang'ono, ku Germany, kwa mayi wina woimba ndi wochita zisudzo za pakanema, dzina lake Marlene Dietrich. Ndidayamba kumudziwa ndisadasiye sukulu ya ukachenjede, titaonera filimu ya Judgment at Nuremberg, ndipo kuyambira pamenepo ndikawaona agogo a pa Chezi aja ndimakumbuka mayiyu.

Marlene adabadwa pa 27 Disembala 1901 ku Schöneberg, mumzinda wa Berlin. Bambo ake adali wapolisi ndipo adamwalira iye ali wamng'ono. Poyamba ankaphunzira vayolini, kaligo wa Azungu, koma atavulala dzanja adasiya, nayamba kuvina ndi kuimba m'magulu a zisudzo. Zaka zambiri ankangopatsidwa timbali ting'onoting'ono. Adakwatiwa ndi Rudolf Sieber mu 1923 ndipo mwana wawo Maria adabadwa mu 1924. Mwayi udamugwera mu 1929 pamene Josef von Sternberg adamusankha kukhala Lola Lola, woimba wa m'bala amene amazunguza mutu mphunzitsi wolemekezeka, mufilimu ya Der blaue Engel, kutanthauza mngelo wabuluu. Filimuyi itangoonetsedwa koyamba ku Berlin pa 1 Epulo 1930, Marlene adanyamuka ulendo wa ku America kukagwira ntchito ndi kampani ya Paramount.

Pano tinene zoona zokhazokha: sadachoke kwawo ngati wothawa. Adapita kuganyu, monga ankapitira agogo athu ku Joni ndi ku Salisbury. Ku Hollywood adatchuka msanga ndi mafilimu a Morocco mu 1930 ndi Shanghai Express mu 1932. Mu Morocco adaimba atavala suti ndi chipewa cha amuna, chinthu chimene chidadabwitsa anthu nthawi imeneyo. Kukadakhala kuno pakati pa 1973 ndi 1993, pamene lamulo linkaletsa amayi kuvala buluku, akadamubweza pabwalo la ndege la Chileka asadaimbe n'komwe.

Mayeso ake adadza Adolf Hitler atalowa m'boma mu Januwale 1933. Chipani cha Nazi chinkadziwa mphamvu ya nyimbo ndi kanema, ndipo nduna yake yofalitsa nkhani, Joseph Goebbels, idaika zisudzo zonse m'manja mwake. Ayuda adachotsedwa ntchito, aluso ambiri adathawa. Tsono boma lija linkafuna nkhope yokongola yoonetsa kunja kuti ku Germany zonse zili bwino. Adatumiza anthu kwa Marlene kukamunyengerera kuti abwerere, namulonjeza ndalama zambiri ndi ulemu. Iye adakana. Mu 1937 adapempha unzika wa America ndipo adaulandira mu 1939, chaka chimene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idayamba. Nyuzipepala ya a Nazi ya Der Stürmer idamunyoza kuti waonongeka chifukwa chokhala pakati pa Ayuda a ku Hollywood. Iye sadabwerere m'mbuyo, koma adapitiriza kuthandiza ndi ndalama zake Ayuda ndi ena othawa nkhanza za Hitler.

Taonani tsono mnzake amene adasewera naye mu Der blaue Engel, Emil Jannings, yemwe adali mphunzitsi uja. Ameneyu adali katswiri woposa Marlene panthawiyo, mwamuna woyamba kulandira mphotho ya Oscar ya wosewera bwino, mu 1929. Iye adasankha kukhala kwawo ndi kugwirira ntchito Goebbels. Mu 1941 adasewera ngati Paul Kruger, mtsogoleri wa Mabunu a ku South Africa, mufilimu ya Ohm Krüger, imene cholinga chake chidali kudzutsa chidani pa Angerezi. Adalandira ulemu, adadya bwino. Nkhondo itatha adaletsedwa kusewera, namwalira ku Austria mu 1950. Anthu awiri, filimu imodzi, luso lofanana. Wina adabwereketsa luso lake kwa wankhanza, wina adakana. Pa awiriwa, nthawi ya nkhondo, amene ankatchedwa wokonda dziko lake adali Jannings.

Marlene sadalekere pa kukana pokha. Mu 1944 ndi 1945 adavala yunifolomu ya asilikali a America nayenda ku Algeria, Italy, France mpaka kulowa m'Germany momwemo, kuimbira asilikali kufupi ndi kumene mfuti zinkalira. Adajambulanso nyimbo m'Chijeremani zoti ziulutsidwe pawailesi kwa asilikali a Hitler, ina mwa izo Lili Marleen, nyimbo ya msilikali wosowa bwenzi lake, imene Lale Andersen adaijambula koyamba mu 1939 ndipo inkakondedwa ndi asilikali a mbali zonse ziwiri. Musaiwale kuti nthawi yonseyi mayi ake omubala adali ku Berlin, mzinda umene ndege za mbali imene iye ankaimbira zinkauphulitsa ndi mabomba. Adaonana nawo nkhondo itatha, ndipo adamwalira mu Novembala 1945. Mu 1947 boma la America lidamupatsa mendulo ya Medal of Freedom. Dziko la France nalonso lidamulemekeza.

Nanga kwawo? Mu Meyi 1960 adapita kukaimba ku Germany. Hitler adali atafa zaka 15 zapitazo, ndipo za Ayuda 6 miliyoni amene adaphedwa zidali zitadziwika kale padziko lonse. Inu mukadayembekeza kuti amulandira ndi nthungululu. Ena adamulandiradi, pakati pawo Willy Brandt, meya wa West Berlin, amenenso adali atathawapo a Nazi nakakhala ku Norway ndi Sweden. Koma kunja kwa holo ya Titania-Palast kudali anthu onyamula zikwangwani zomuuza kuti abwerere kumene wachokera. Makalata omutcha wogulitsa dziko adatuluka m'nyuzipepala. Ku Düsseldorf mtsikana wina adamulavulira kumaso.

N'chifukwa chiyani? Ine ndikuona kuti mlandu wake sudali wovala yunifolomu ya adani wokha ayi. Mlandu waukulu udali woti kukhalapo kwake kunkatsutsa bodza limene anthu ambiri ankadzitonthoza nalo, loti panalibe kuchitira mwina, tonse tidakakamizidwa, sitinkadziwa kanthu. Munthu mmodzi wokana amachititsa manyazi anthu chikwi ovomera, ndipo anthu sakonda kalilole wowaonetsa manthongo. Chodabwitsa n'chakuti chaka chotsatira, mu 1961, mu Judgment at Nuremberg muja, Marlene adasewera ngati mkazi wamasiye wa mkulu wa asilikali a Hitler, mayi waulemu wake woumirira kuti anthu wamba sankadziwa zimene zinkachitika. Adayankhula pakanema mawu a anthu omwewo amene adamulavulira.

Adapitiriza kuimba m'maiko ambiri mpaka 1975 pamene adagwa nathyoka mwendo ku Sydney. Zaka zake zomaliza adakhala chobindikira m'nyumba ku Paris, osafuna kujambulidwa. Adamwalira pa 6 Meyi 1992 ali ndi zaka 90, ndipo adaikidwa ku Berlin pafupi ndi manda a mayi ake, monga adafunira mwini wake. Ngakhale pamenepo mkangano sudathe. Padatenga mpaka 1997 kuti bwalo lina mumzindamo litchedwe Marlene-Dietrich-Platz, ndipo mzinda wa Berlin udamupatsa ulemu wa nzika yolemekezeka pa 16 Meyi 2002, atagona m'manda zaka 10.

Tibwerere kwathu. Sabata imene Marlene ankamwalira ku Paris ndi yomweyo imene ogwira ntchito pa David Whitehead adanyanyala ntchito ku Blantyre, zipolowe zidabuka, apolisi naombera anthu ambiri. Kalata ya maepiskopi idali itawerengedwa pa 8 Malichi, ndipo a Chakufwa Chihana adali atamangidwa pa 6 Epulo atangotsika ndege ku Lilongwe. Sindikuti Kamuzu adali Hitler; kunena choncho n'kunyoza mamiliyoni amene adafera m'misasa ya ku Ulaya. Chimene ndikufananitsa ndi njira imene boma lopondereza limagwiritsira ntchito nyimbo, ndi dzina limene limapatsa munthu wokana kuimba nawo.

Akuluakulu akukumbuka. Nduna zitasemphana ndi Kamuzu mu 1964, a Kanyama Chiume, a Masauko Chipembere, a Orton Chirwa, a Yatuta Chisiza, mayi Rose Chibambo ndi ena adasanduka zigawenga tsiku limodzi. Dzulo lake adali ngwazi zomenyera ufulu. Amene adafikitsa dzina la uchigawengalo m'mudzi uliwonse sadali apolisi okha: idali ng'oma, idali wailesi imodzi yokha ya MBC, adali magule a pamisonkhano m'mene maina a anthu amenewa ankatukwanidwa. Lamulo la 1968 loona za mabuku ndi zisangalalo lidatseka pakamwa aliyense wofuna kuimba zina. A David Rubadiri, mlakatuli yemwe adali kazembe wathu woyamba ku America ndi ku United Nations, adatula pansi udindo nakhala kunja zaka zambiri. Ndipo kuthawa sikudali kupulumuka. A Attati Mpakati adaphedwa ku Harare mu 1983. Mtolankhani Mkwapatira Mhango adatenthedwa m'nyumba ndi banja lake ku Lusaka mu 1989. A Orton ndi mayi Vera Chirwa adagwidwa mu Disembala 1981, ndipo a Orton adafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Uku ndiye kudya bwino kunja kumene ena amanena?

Tsono ndikudziwa zimene anzanga a ku Dowa ndi Ntchisi anene, ndipo ali ndi mfundo. Anena kuti Marlene adali ndi ndalama, pasipoti ndi nyumba ku America; kukana kwa munthu wokhuta n'kosavuta. Agogo anga aakazi adali mbumba. Ankakwezedwa pa lole m'bandakucha, atavala nsalu ya nkhope ya Ngwazi, kusiya mwana wodwala ndi munda wosapalira, kukavina padzuwa tsiku lonse. Akadakana, a Youth League akadafika pakhomo madzulo omwewo. Popanda khadi la chipani sukadalowa mumsika kapena kukwera basi. Mayi wotere sangaikidwe pa sikelo imodzi ndi Emil Jannings. Jannings adali ndi khomo lotulukira, adasankha kukhala patebulo la Goebbels. Agogo anga adalibe khomo. Ndipo otsala nawonso adazunzika: ku Mikuyu, ku Nsanje, ndi ku Dzaleka konkuno kudadzaza anthu amene sadathawe. A Aaron Gadama, a Dick Matenje, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga adafera ku Mwanza mu 1983 ali m'dziko lawo lomwe. Wobwera kuchokera kunja amene amayang'ana otsala onse ngati amantha kapena akapirikoni nayenso akulakwa kwabasi.

Komanso Marlene mwini wake sadali mngelo. Mu 1945 adapeza mkulu wake Elisabeth ku Belsen, osati ngati mkaidi wa msasa woopsa wa Bergen-Belsen, koma akuyendetsa kanema ndi kantini ya asilikali a Hitler pamodzi ndi mwamuna wake, pafupi ndi msasawo. Marlene ankamuthandiza mobisa, koma pagulu adafika ponena kuti adabadwa yekha. Taonani: m'nyumba imodzi mudatuluka wokana ndi wotumikira, ndipo wokanayo adabisa m'bale wake kuti mbiri yake isade. Mabanja angati kuno adali ndi mwana wina ku Payoniya, wina ku Lusaka kapena ku Dar es Salaam? Mabanja angati adasintha dzina kapena kukana m'bale wawo kuti ntchito isathe? Nkhani imeneyi ilibe oyera mbee.

Koma kuvomereza zonsezi sikusintha yankho la funso langa. Wokakamizidwa kuvina tisamuweruze. Wothawa chifukwa chokana tisamutche wogulitsa dziko. Woti afunsidwe ndi uja adali ndi mpata wokana, koma adasankha kuimba mokweza kuti alandire esiteti, galimoto kapena mpando. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri a mtundu wachitatuwu ndi amene adasintha malaya msanga mu 1993 ndi 1994, nakhala kutsogolo m'zipani zatsopano, pamene obwera kuchokera kunja ankafunsidwa kuti mudali kuti ife tikuvutika.

Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 Amalawi 63 mwa 100 aliwonse adasankha nyali, ndipo lamulo lokhululukira othawa lidatsegula zipata. Kwathu kuno ku Dowa ndi Ntchisi ambiri adavotera tambala wakuda, ndipo udali ufulu wawo. Koma taganizani mawu akuti kukhululukira. Adakhululukidwa atalakwa chiyani? Boma lidakhazikitsa khoti la chipukuta misozi, National Compensation Tribunal, koma lidatsekedwa anthu masauzande asadalandire zawo, monga ofesi ya Ombudsman idaonetsera mu 2017. A Chiume adabwera mu 1994, koma adakamwalira ku New York mu 2007. Dzina la a Chipembere tidaliika pamsewu waukulu wa Blantyre iwo atamwalira kale ku America mu 1975. Mayi Chibambo okha ndiwo adachita mwayi woona ndi maso awo nkhope yawo pa K200 mu 2012, asadamwalire mu 2016. Ifenso, ngati anthu a ku Berlin, timadziwa kulemekeza maliro kuposa munthu wamoyo.

Ndipo nyimbo ija sidathe. Maboma asintha, nsalu zasintha mtundu, koma amayi akuvinirabe atsogoleri pabwalo la ndege, ndipo nyengo ya kampeni ikafika oimba athu amakwera pa malole a zipani. Sindikuti woimba asakhale ndi chipani. Ndi ufulu wake, ndipo njala ya woimba m'dziko limene nyimbo zimakopedwa ulere pa foni tonse tikuidziwa. Koma pali kusiyana pakati pa kuimba zimene ukukhulupirira ndi kugulitsa pakhosi pako kwa aliyense wobwera ndi envelopu, mpaka kutukwana munthu amene bwana wakulozera. Lero palibe wa Youth League pakhomo. Woimba wa lero ali pamalo a Jannings ndi Marlene, osati pamalo a agogo anga. Angathe kukana. Ndipo tisaiwale kuti ngakhale m'nthawi ya matipate kuyankhula kudakhalabe ndi mtengo wake: Evison Matafale adafera m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001.

Mukachoka pa Chezi kudzera pa boma la Dowa kulowera ku Lumbadzi, mudutsa pa Dzaleka. Malo amene adali ndende ya andale adasanduka msasa wa othawa kwawo mu 1994, chaka chomwecho chimene athu ankabwerera. Muli anthu oposa 50,000 ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda ndi maiko ena. Mmodzi mwa iwo, mlakatuli wa ku Congo Menes La Plume, adayambitsa kumeneko chikondwerero cha nyimbo cha Tumaini mu 2014. Ndikamamva anthu pamsika akunyoza "Maburundi", ndimadzifunsa kuti ku Lusaka ndi ku Dar es Salaam athu aja ankatchedwa chiyani, ndipo ndani adawapatsa pogona. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pempho langa ndi laling'ono. Obwera kuchokera kunja amene akadali moyo atsala ochepa, ndipo akalamba. Sakufunanso unduna. Boma limalize kulipira chipukuta misozi chimene lidalonjeza. Aphunzitsi a mbiri awaitane m'makalasi, pamodzi ndi amayi amene adavina ndi abambo amene adamangidwa, ana amve mbali zonse kuchokera pakamwa pa eni ake. Mawailesi, amene lero ndi ambirimbiri, ajambule mawu awo asadapite. Ndipo ife a m'midzi tileke nthabwala ya uchigawenga, chifukwa si nthabwala: ndi chigamulo cha boma lakale chimene tikupitiriza kuchiwerenga boma lake litapita.

Anthu a ku Berlin adadikira zaka 42 kuchokera tsiku la malovu aja kuti anene poyera kuti mwana wawo sadawagulitse, ndipo ponena mwini wake adali m'manda. Agogo a pa Chezi aja akadali moyo. Loweruka likubwerali ndikawapeza pabawo, ndipo ndikawapatsa moni ndi dzina la mfunda wawo, anzawo onse akumva.